Anandilila Ndili Moyo

Tsitsani chithunzicho pakhoma mubwele nacho kuno. Bwinobwino iwe Dalitso, manja akowo ali ndi mafuta a vitumbuwa. Holide iliyonse mukabwela kuno ku Petauke funso lanu ndi lomwelo: ambuya, bwanji pa ukwati wa amai munthu uyu anavala chijasi chong'ambika ndi majombo a mphila, maso ali psuu? Lelo magetsi apita, mafoni anu afa, ndiye mulibe kothawila. Khalani pansi ndikuuzeni.

Wa velo uyu ndi amai anu, Mailesi, asanayambe kunenepa. Woonda ngati bango uyu ndi atate anu, a Zuze. Wa chijasiyu ndi mlongo wanga Zakeyo, amalume awo a amai anu. Onaninso azimai ali kumbuyowa, zitenje zakutha, maduku akuda. Anthu amenewa sanabwelele ukwati iyayi. Anabwela kudzaika ine m'manda. Ndipo amene anachititsa zonsezi ndi awo ali pampando wa ndalemawo, agogo anu aamuna a Mwanza, amene akunamizila tulo. Akumva, onani chala cha kuphazi chikugwedezeka.

Koma kuti mumvetse, tiyambile pa makina.

Ine ndinali taipisiti pa ofesi ya kopaletivu pano pa boma, nthawi ya chipani chimodzi. Inu mumalemba ndi zala ziwili zazikulu ngati mukuswa nsabwe. Ife tinali kumenya taipilaita ndi zala zonse, phokoso lake kumveka mpaka kumsewu. Ukafuna makope angapo umaika kaboni pakati pa mapepala, ndipo pofika madzulo zala zili bii, mphuno bii, chifukwa munthu suleka kukanda mphuno. Kuti mutu wa kalata ukhale pakati penipeni unali kuwelenga zilembo, kugawa pakati, ndi kubwelela m'mbuyo kamodzikamodzi. Ukalakwitsa pamzele womaliza, abwana amangokubwezela pepala osalankhula, uyambilenso pamwamba. Panalinso stensulo, pepala lochulukitsila makope, imene tinali kufufuta ndi mankhwala ofiila onunkha ngati opaka m'zikhadabo. Ukawanunkhiza kwambili umayamba kuseka wekha.

Kenako kunabwela zipani zambili, zinthu n'kutembenuka. Kopaletivu inatsekedwa. Anatipatsa makalata otithokoza chifukwa cha ntchito yabwino, ndipo kalata yangayo ndinaitaipa ndekha. Msika unadzala salaula, zovala zovalidwa kale zochokela kunja. Ogula chimanga, thonje ndi nshawa anayamba kupachika masikelo m'mitengo, aliyense bwana payekha. Ine ndinayesa kugulitsa nthochi za ku Nyimba pa sitesheni ya mabasi, koma pakamwa pa malonda ndilibe. Nthochi zinali kupsela m'manja mwanga, amai anu ndiwo anali kuzimaliza.

Anandipulumutsa ndi mnzanga wa kusukulu, amai Sakala. Iwonso ntchito inawathela ku Lusaka, ndiye anabwela ndi kompyuta pa basi, ataikulunga m'bulangeti, ataifukata pamiyendo njila yonse. Ngakhale pamlatho wa Luangwa, pamene aliyense amatsika kukagula nsomba zouma, iwo sanatsike. Tinachita lendi kachipinda pafupi ndi sitesheni, ndi kulemba pakhomo kuti timataipa chilichonse. Makinawo anali ndi chigalasi chotupa kumbuyo, timbale tosungila ntchito totchedwa madisiketi, ndi pulinta yolila ngati nkhumba ikuphedwa. Anthu a ku Kalindawalo anali kutsamiza njinga pakhoma ndi kusuzumila pawindo, kudikila kuti filimu iyambe.

Ntchito inali mbwee. Masiku amenewo aliyense anafuna pepala lokhala ndi mutu: chipani chatsopano, tchalitchi chatsopano, wogula chimanga wa sikelo imodzi nayenso ati kampani. Amai Sakala ndiwo anandionetsa kuti palibe chifukwa choyambila pamwamba tsiku lililonse. Umakonza pepala limodzi bwinobwino, malile ake, pokhala mutu, pokhala deti, ndi kulisunga lopanda mau. Amati tempuleti, koma ine ndinali kuti chikombole, chifukwa ntchito yake ndi ya chikombole cha njelwa: wathila dothi, wakhuthula, njelwa zonse zofanana. M'kati mwake munali masitayilo. Umauza makina kamodzi kuti mutu uzikhala wa zilembo zazikulu, zonenepa, pakati, basi. Mzele uliwonse umene wautchula kuti ndi mutu umavala zomwezo wokha, ndipo ukasintha maganizo umasintha pamodzi pomwepo, mitu yonse n'kutsatila. Ine amene ndinakulila kuwelenga zilembo ndinatsala pang'ono kulila. Panali bambo wina amene anasintha chipani kawili mvula isanathe. Malonjezo ake tinali kuwasiya momwemo, ndi kusintha mutu wokha.

Koma chimene ndinakonda koposa ndi makulo. Musaseke dzinalo, sindinalipange ndine. Umauza makina kuti ayang'ane zimene ukuchita, iwe n'kugwila ntchito yako mwadongosolo, ichi, kenako ichi, kenako ichi, ndi kuwauza kuti asunge. Tsiku lina ukangodina batani limodzi amabweleza zonse okha, monga ng'ombe za ngolo zimene zimafika kumudzi mwini wake ali mtulo. Ndinapanga awili amene anali kugwila ntchito kwambili, ndipo mabatani ake ndinawapaka utoto kuti ndisasokoneze. Lofiila linali la ukwati: maluwa m'mbali, nkhunda ziwili pamwamba, zilembo zopendekeka. Lakuda linali la uthenga wa malilo: mzele wakuda wonenepa kuzungulila pepala, mtanda pamwamba, ndipo dzina lolembedwa pamzele woyamba limalumphila pansi pa mtanda, lalikulu loti uliwelenge uli panjinga.

Zaka zimenezo, ana inu, tinaika anthu ambili, achinyamata okhaokha. Batani lakuda utoto wake unali kutha msanga. Mapepala anga anafika kulikonse, ku Nyampande, ku Kalindawalo, mpaka kwathu ku Luembe. Madilaiva anali kuwanyamula osadandaula, ndi kuwakhoma pachigayo kapena pakhomo la tchalitchi. Anthu anawazolowela moti sanali kuwelenga onse. Akaona mzele wakuda ndi mtanda amayang'ana dzina, basi, ayamba kufuna duku. Ndi amene sanapondeko kusukulu omwe anali kulidziwa pepalalo lili patali.

Tsopano amai anu. Anakumana ndi atate anu kukwaya. Makolo a atate anu anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Nkhondo itatha anzawo ambili anabwelela, iwo anatsala, n'kumalima nshawa ndi thonje ngati wina aliyense. Ine ndinawakonda. Agogo anu nawonso anavomela, koma kwathu mau a atate ali ngati kulila kwa tambala, amangodziwitsa kuti kwacha. Mwana ndi wa kwa amake, ndipo ukwati amamanga ndi amalume. Popanda Zakeyo kukhala nkhoswe, Mailesi akanaoneka ngati mwana wotola, ndipo a kwa a Zuze akanadziwa kuti tawanyoza.

Ndinapita ndekha ku Luembe, basi mpaka ku Nyimba, kenako pamwamba pa lole, fumbi mpaka m'mano. Zakeyo anandilandila bwino, anandipatsa masau, anandiphela nkhuku. Nditatchula nkhaniyo nkhope inasintha. Anati anthu a kutsidya ndi a paulendo, tsiku lina adzamanga katundu ndi kupita naye mwana wathu kumene sitidzamva ngakhale za malilo ake. Ndinachondelela, ndinakalipa, ndinatchula ndi malemu amai athu omwe. Inu mumati ine ndine wouma mutu chifukwa simunamuone Zakeyo. Pondipelekeza kumsewu anandiuza mau amene ndinayenda nawo njila yonse.

"Esinati, ukapitiliza zimenezi, phazi langa lidzaponda pakhomo pako tsiku la malilo ako basi."

Zinandiwawa, ana inu, sindikubisilani. M'mimba mwa amai athu tinatsala awili okha. Zakeyo ameneyu ndiye anali kundibeleka pooloka mtsinje popita kusukulu nyengo ya mvula, mabuku anga ali pamutu pake. M'chilimwe akakumba mbeba, zonona anali kundisungila ine. Mukukwinya mphuno chiyani? Soseji yanuyo mumadziwa zimene amaikamo? Pamene ndinapita ku Chipata kukaphunzila kutaipa, iye anagulitsa njinga yake ndi kumayenda pansi. Ndiye lelo munthu yemweyo andiuze kuti adzandiona ndili m'bokosi. Amai anu analila mpaka kuonda, koma ukwati unali utalengezedwa kale kutchalitchi, ndipo ine ndinati tipitilize, mwina mtima wake udzatsika.

Makadi a anthu a m'tauni ndinapanga ndekha, maluwa ndi nkhunda zake. A ku Luembe ndinali kuzengeleza, mailo, mailo, kunena kuti mawa. Mau ndinali nditalemba kale ndi kusunga pa disiketi, dzina langa pamzele woyamba popeza woitana abale ndinali ine. Sabata ya ukwati itayamba malungo anandigwetsa, enieni, oti mbili inafika mpaka kumudzi kuti Esinati wadwala kwambili. Amai Sakala anali ku Lusaka kukatenga velo. Ndiye ndinaitana agogo anu ndi kuwafotokozela ngati mwana: muyatse makina, mulowetse kambale, mudine lofiila, mutulutse mapepala, mupatse dilaiva wa lole ya thonje.

Muwadziwe agogo anu. Anali mesenjala pa boma, ndipo amakonda chinthu chooneka cha boma: chidindo, yunifomu, nsapato zowala. Ndiponso amawelenga chilichonse mpaka pansi, ngakhale nyuzipepala yokulungila kapenta, ndiye amayesa kuti anthu onse ali chomwecho. Anadina lofiila monga ndinawauzila. Ataona maluwa ndi nkhunda anapukusa mutu. Anati Zakeyo ndi mkulu wa mpingo, munthu wolemekezeka, sangakopeke ndi tinkhunda tikupsompsonana, n'chifukwa chake nkhaniyi ikukanika, tikuichepetsa tokha. Pokhala nthawi ya ufulu wosankha, anati aone chimene batani linalo likulonjeza. Anadina lakuda. Maluwa anachoka, mtanda unabwela, mzele wakuda, dzina langa lalikulu pamwamba. Iwo mtima unakhala pansi. Mapepala a malilo anawaonapo, inde, koma iwo amati pepala ndi mau ake, osati malaya ake. Ukwati wa kutchalitchi, mtanda pamwamba, cholakwika n'chiyani? Mau onse a ukwati anali momwemo m'munsi, tizilembo ting'onoting'ono. Anabwela kunyumba akuimba mluzu, nandiuza kuti ntchito aigwila kuposa mmene ndinawatumila. Ine ndi malungo anga ndinangoti zikomo.

Lachisanu, ukwati uli mailo, ndinali nditapezako bwino koma ndikali gone m'chipinda. Tsopano ganizani mmene pakhomo panalili. Mipando yonse panja, msasa wa udzu pabwalo, mulu wa nkhuni, migolo ya thobwa, azimai ali pilingupilingu kuseli kwa nyumba. Ndiuzeni inu ophunzila, pamenepo pasiyana pati ndi nyumba ya malilo?

Dzuwa litapendeka ndinamva lole ikuima kumsewu. Kenako mfuu. Azimai a kwathu salila monyengelela iyayi, amayambila patali kuti mudzi wonse udziwe kuti afika. Nditamva dzina langa m'kati mwa kulilako, ndinadzigwila pamtima kuti ndione ngati ukugunda. Ndinasuzumila pakatani. Luembe yense! Azimai manja kumutu, azibambo ndi makasu okakumbila manda, wina akukoka mbuzi, wina wasenza thumba la ufa. Patsogolo Zakeyo, chijasi chake cha kumunda, majombo, pepala lija m'manja. Dilaiva anamupatsila pachigayo, iye anaona mtanda, anaona dzina, anakhala pansi m'fumbi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawelenga mzele wachiwili.

Azimai ophika anathamangila kutsogolo, ndipo poona anthu akulila iwonso anayamba, poganiza kuti ndatsilizika m'chipindamo iwo ali kalikiliki ndi thobwa. Paja malilo n'kulilana. Amai anu anatuluka tsitsi atamanga theka, kuti athamangile kwa ine, koma azimai a kumudzi anawagwila ndi kuwakhazika pamphasa kuti alile bwino. Agogo anu anaima pakati, manja m'mwamba, kufuula kuti anthu awelenge pepala lonse. Koma ndani amamvela namfedwa? Anangowakhazika pansi ndi kuwauza kuti alimbe mtima.

Zakeyo atafika pakhonde anapunthwa ndi majombo ake aja. Anamuwakha asanagwe ndi munthu wina woonda amene anali kuwaza nkhuni pabwalo. Anamukhazika pampando, nathamanga kukatunga madzi, n'kumupatsa atagwada. Ndipo Zakeyo, pansi pa windo langa penipeni, anayamba kulankhula ndi mtembo wanga.

"Mlongo wanga, unali mkwiyo chabe. Wapita usanandikhululukile. Mwana wako ndidzamupeleka ndekha kwa amene wamufuna, anthu onsewa ndi mboni."

Ndikanatha kutuluka msanga. Koma munthu sumva kawilikawili zabwino zako, ndiye ndinadikila amalize. Kenako ndinadzifunda bulangeti, popeza ndinali kumvabe kuzizila, ndi kutsegula chitseko, nkhope yotuwa ndi malungo, milomo mbuu.

"Alongo anga, mwayenda bwanji?"

Ana inu, sindinaonepo azimai akuluakulu akulumpha mpanda chonchija. Mbuzi inadula chingwe. Mgolo umodzi wa thobwa unagubuduka. Zakeyo yekha sanathawe. Anandiyang'ana, natambasula dzanja, nanditsina pamkono mwamphamvu moti panatupa. Apo ndi pamene agogo anu anapeza mpata. Anatola pepala, navala magalasi, naliwelenga mokweza kuyambila pamtanda mpaka pansi, monyadila ngati akulengeza za boma.

Zakeyo anakwiya, ndipo sindimuimba mlandu. Anati tamuchita chipongwe, tamuliza pagulu ngati mwana, akubwelela pompano. Koma lole inali itapita. Ine ndinakhala pansi pafupi naye ndi kumukumbutsa kuti analonjeza kubwela tsiku la malilo anga, ndipo wabweladi, mau ake sanaphwanye. Tsopano atsala mau achiwili aja, amene anthu onse amva. Iye anati mau olankhula kwa wakufa sawelengedwa ngati wakufayo wadzuka. Akuluakulu a ku Luembe, amene anali atayamba kubwelako kuseli kwa mpanda mmodzimmodzi, anati iyayi, mau a pamalilo sabwezedwa. Pofuna kuthawa nkhani Zakeyo anafunsa kuti munthu waulemu uja anamupatsa madzi ndi mwana wa ndani.

Atate awo a Zuze, nkhalamba yofatsa imene inabweletsa nkhuni pangolo, anavula chipewa ndi kukhala pansi patsogolo pake.

"Ndi wanga, bambo. Ndamva kuti mukuopa kuti tidzapita naye mwana wanu. Amake a Zuze tinawaika kuno, ndi ana anga awili. Ndingawasiyile ndani?"

Zakeyo anapempha madzi ena, ndipo anawalandila m'manja mwa atate anu.

Mailo lake anaima kutchalitchi monga nkhoswe. Agogo anu anafuna kumubweleka suti, iye anakana, nati suti ya munthu amene anapha mlongo wake savala. Ndicho chijasi mukuchionacho, ndipo maso ofiilawo ndi a misozi ya Lachisanu. Mbuzi ya malilo anakaigwila kudambo, tinaidya pa ukwati. Makasu okumbila manda anasalaza bwalo lovinila. M'tauni muno ukwati sunadzazepo anthu chonchija, chifukwa ku ukwati munthu amatha kupepesa kuti watanganidwa, koma kumalilo sapepesa. Agogo anu mpaka lelo amati zinali nzelu zawo. Mwaona, atsegula diso limodzi.

Ukwati utatha, ine ndi amai Sakala tinakonzanso batani lakuda. Tinaliphunzitsa kuti lisanaike mtanda liziyamba laima ndi kufunsa pagalasi kuti, "Kodi munthuyu wamwaliladi?" Ukavomela ndi pamene limapitiliza. Madilaiva nawo akalandila pepala anali kufunsa ngati ndi malilo enieni kapena a a Mwanza.

Zakeyo anasanduka wa pakhomo pano. Atabadwa mkulu wanu Chikondi anabwela ndi nkhuku m'khwapa, osaitanidwa. Ndi atate anu anali kukangana za mbeu ya nshawa ngati munthu ndi mwana wake. Ndipo nthawi iliyonse akafika, asanapeleke moni, anali kuyamba wanditsina pamkono, ati aone ngati ndikalipo.

Patapita zaka, m'nyengo yokolola, kunabwela munthu kudzandiuza kuti Zakeyo wagwa m'munda mwake, sanadzukenso. Abale a ku Nyampande ndi ku Kalindawalo anafunika kudziwitsidwa, ndiye ndinapita kukachipinda kathu kaja. Ndinalemba dzina lake pamzele woyamba, ndinadina lakuda. Makina anaima, nandifunsa funso lija ndinawaphunzitsa ndekha.

Ndinakhala pamenepo chala chili m'mwamba, mpaka amai Sakala anabwela kumbuyo kwanga ndi kundiyankhila.

Bwezela chithunzicho pamsomali pake, Dalitso. Uchiongole bwino, chapendekela kwa amalume.